Chipsera cha pa Bangwe wa Anganga

Anganga, lero kalipentala amene akukonza zitseko kunyumba kuno waona bangwe wanu ali pakhoma. Akuti amupale ndi sandipepa, amupake vanishi, awale ngati watsopano. Ndakana, moti mwina wandiona ngati wamwano. Ndakumbuka tsiku lija ndinagwetsa bangweyu pakhonde ku Nchilamwela, thabwa n'kukalika pambali pa nsambo. Ine ndinkangodikira mkwapulo. Inu munangowiritsa masamba a tiyi mpaka madzi kuda bii, n'kumadontheza pokalikapo ndi nthenga ya nkhuku. Patauma munamatapo phula la njuchi. Munati tiyi munamugwirira thangata kuyambira muli mnyamata, ndiye nayenso akugwirireniko ntchito.

Nditaona kuti zatheka, ndinatola nthenga ija kuti ndipakenso pa chipsera chakale, chakuya chija cha kumutu. Munandigwira dzanja. Munati, "Apo ayi, mwanawe. Pamenepo anamenyetsa pamwala achimwene anga tikuwoloka mtsinje wa Ruo, pothawa chibalo cha Apwitikizi kudzafuna ntchito ku esiteti. Bangwe anawoloka, eni ake madzi anawatenga. Manda awo sindiwadziwa. Ndikafuna kuwalira, ndimagwira pamenepa." Manda anu ine ndimawadziwa, Anganga, ndipo chaka chilichonse ndimakalambulako. Koma manda a achimwene anu ali pakhoma panga pano, ndipo palibe adzawapale ine ndili moyo. Pamene ndinakala ine paja sipaoneka mpaka lero. Usani mumtendere, nonse awiri.