Chidole cha pa Msika wa Woolwich

Pa msika wa Woolwich palibe anandigulitsapo chinthu pa mtengo woyamba. Ndiye Loweruka ndinaona chidole cha ngwazi ya m'makatuni, ya mimba yaikulu ija, imene inkati ikauluka n'kukaomba khoma.

Ndili mwana, tili ku Barking, amayi akamapita kuntchito kuchipatala ankanditsekera m'nyumba ndi TV. Chingerezi sindinkamva, moti sindinkadziwa kuti n'zoseketsa. Ngwaziyo ikagwa, ndinkamanga m'khosi chitenje cha amayi, chonunkhira mafuta awo, n'kuima pafupi ndi TV kuti ngwaziyo isakhale yokha. Chonsecho wosowa mnzake ndinali ine.

"Bamdala, lero simunenerera?" anadabwa wogulitsa chidolecho, wa ku Zambia.

Ndinangopereka, osatsitsa. Pano chili pawindo, ndipo ndikaweruka ndimachipatsa moni. Inuyo mukuti anapambana ndani, ine kapena wogulitsayo?