Guluu Woola wa ku Fakitale ya Machesi

Ntchito yanga yoyamba ku Canada inali ya m'fakitale ya machesi, kumalire a mzinda wa Hamilton, kumene basi inkakatembenukira. Tinabwera zaka za m'ma 1970 zili pakati, amuna anga atapeza malo pa yunivesite. Kwathu ku Mulanje ndinali mphunzitsi, koma kuno mapepala anga anangowayang'ana n'kundibwezera, ati ndikayambirenso sukulu. Kubindikira m'nyumba tsiku lonse kunandikwana, choncho nditaona m'nyuzipepala kuti akufuna amayi olongedza machesi, ndinapita.

Machesi ake sanali a timitengo a m'bokosi amene tinazolowera kwathu. Anali a katoni, otsekeredwa m'kachikuto kopinda ngati kabuku. Anthu ankangopatsidwa ulere m'mabala, m'mahotela ndi m'malo odyera, chifukwa pachikutopo pankakhala uthenga wa malonda. Masiku amenewo aliyense ankasuta, ngakhale m'basi ndi m'chipatala, ndiye timabuku timeneti tinkapezeka m'thumba la munthu aliyense.

Fungo linandichingamira ndisanalowe n'komwe pachipata. Poyamba ndinkayesa kuti pafa galu m'ngalande. Nditalowa m'kati malovu anadzadza m'kamwa, ndipo ndinasowa kolavulira. Kapitawo amene anandilandira anaona nkhope yanga n'kuseka, nati mawa lake sindidzalimvanso. Ananama. Ndinalimva tsiku lililonse mpaka pamene ndinachoka.

Kapitawoyo anali mzungu wamimba yaikulu, wofiira khosi. Popeza m'fakitale ya machesi munthu sangasute, iye ankatafuna fodya, ndipo ankayenda ndi chitini cholavuliramo. Akafuna kukonza makina ankachiika paliponse, ngakhale patebulo pamene tinkadyera.

Tsiku loyambalo anandiyendetsa kuti ndione mmene ntchito imayendera. Katoni ankabwera m'mipukutu ikuluikulu, atathiridwa kale mankhwala oti munthu akazima machesi asatsale akunyeka. Makina oyamba ankamudula mano mano, n'kutuluka ngati zipeso za tsitsi, ndipo tonse tinkazitchula choncho, zipeso. Unyolo wautali unkazinyamula zili chozondoka, n'kuviika nsonga zake m'phula lotentha, kenako m'phala lofiira limene limasanduka mutu wa machesi. Kuchoka apo unyolo unkayenda nazo pang'onopang'ono, kukwera kudenga, kutsika, kukweranso, mphepo yofunda ikuziomba kuti mitu iume. Kuchipinda china ankasindikiza zikuto ndi kupaka kamzere kakuda kokhwatchirapo. Pamapeto makina ena ankalowetsa zipeso m'chikuto, kupinda, kukhoma kawaya, ndipo timabuku tinkagwera pa lamba woyenda kubwera kwa ife amayi. Yathu inali yotola, kuyang'ana, kutaya zolakwika ndi kulongedza m'mabokosi.

Chonunkha chinali phala lofiira lija. Munali mankhwala oyaka, sulfure, galasi lopera ndi utoto, koma chogwirizanitsa zonsezi chinali guluu wopangidwa ndi zikopa, ziboda ndi mafupa a ng'ombe ndi nkhumba. Ankabwera m'matumba ali tizibenthu touma. Ankamunyika m'madzi, kenako n'kumuphika m'chimphika chachitsulo chimene chinali pakona, ndipo nthunzi yake inkadzadza fakitale yonse. Wophika anali mkulu wina wochokera ku Poland, wosalankhulalankhula, amene ankatakasa ndi thabwa lalitali. Masana akakwana ankaika soseji yake pa chivundikiro cha chimphikacho kuti itenthe, n'kuidya ndi manja omwewo, guluu atauma m'zikhadabo. Ine kamba wanga ndinkakadyera panja, ngakhale sinowo ikugwa.

Fungolo linkandiperekeza mpaka kunyumba. Ndinkamanga maduku awiri koma linkalowabe m'tsitsi. M'basi yobwerera anthu ankayang'ana pansi pa nsapato zawo, kenako n'kusuntha mpando. Ndikafika, amuna anga ankandilonjera ali patali, n'kunena mwaulemu kuti, “Mayi, madzi ndatenthetsa kale.” Lamlungu lina titapita ku Toronto kukapemphera ndi Amalawi anzathu, mayi wina namwino anandikumbatira, kenako anandifunsa monong'ona ngati ndikugwira ntchito kophera nyama. Ndinali nditasamba kawiri, diresi ili yatsopano.

Zikuto zina nazo zinkandinyansa. Za maukwati ndi za magalaja ndinalibe nazo mlandu. Koma panali za mabala ena zokhala ndi zithunzi za akazi ovala tinsanza tosabisa kanthu, ndipo ntchito yanga inali kuyang'anitsitsa kabuku kalikonse ngati chithunzi chatuluka bwino. Ine mwana wa mkulu wa mpingo, tsiku lathunthu maso pa ntchafu za eni ake. Kapitawo ankakonda kutola kamodzi, kukaika pafupi ndi nkhope ya mmodzi wa ife, n'kumafunsa anzake kuti wokongola ndani.

Pa lamba ndinkaimirira moyandikana ndi mayi wina Mpwitikizi, wamfupi, wamanja ofulumira. Nditamva koyamba za mtundu wake ndinachita naye manyazi osakaniza ndi mantha, pakuti kwathu kumalire Apwitikizi tinkawadziwa ndi chikoti ndi nkhondo, ndipo ndinali nditaonapo anthu a ku Mozambique akuthawira m'midzi yathu atasenza mphasa. Koma uyu anali wochokera ku tizilumba tina ta pakati pa nyanja yamchere, mwana wa msodzi, ndipo ku Africa anali asanapondeko. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka. Nditamulonjera ndi timawu tachipwitikizi timene ndinatola pamsika wa kumalire, anaseka mpaka misozi, ndipo chinansi chinayambira pomwepo. Ndiye anandiphunzitsa kupaka mankhwala a chimfine kunsi kwa mphuno kuti fungo lichepe, ndi kutola timabuku mosakhuzitsa mitu.

Ngozi inachitika m'chilimwe, nyengo imene mpweya wa ku Hamilton umalemera ndi chinyezi ndi utsi wa mafakitale a zitsulo. Kunali holide ya Lolemba, ndiye tinaweruka Lachisanu n'kudzabwerera Lachiwiri. Mkulu wa ku Poland uja anapita ku holide osakhuthula chimphika. Guluu anakhala mmenemo masiku onsewo, mazenera ali otseka, kunja kukutentha.

Titatsegula chitseko m'mawa wa Lachiwiri, amayi ena anabwerera panja akudzuma. Chivundikiro chitachotsedwa, pamwamba pa guluu panali nkhungu yobiriwira ndi yotuwa, yochindikala ngati bulangeti, ndipo pansi pake pankatuluka thovu. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinali ng'waa. Cha m'mphepete munkayandama khoswe wotupa, ubweya utayamba kusosoka.

Tonse tinkadziwa kuti guluuyo ayenera kutayidwa. Koma kuviika ndi kuphika wina kukanadya tsiku lathunthu, pamene panali oda yaikulu ya hotela ina ya ku Oakville imene inkafunika sabata lomwelo. Kapitawo anayang'ana m'chimphika, kulavula m'chitini chake, n'kunena kuti angoengula pamwamba, pansipo ali bwinobwino. Wophika uja sanatsutse, poti mlandu unali wake. Anavuula khoswe ndi fosholo, kukokolola nkhungu, kuyatsa moto. Guluu woolayo atayamba kutentha, fungo limene linatuluka sindinalimvenso kwina kulikonse, ngakhale m'zaka zonse zimene ndinadzagwira ntchito yosamalira odwala.

Guluu akaola amataya mphamvu. Phala linatuluka lamadzimadzi, ndipo mitu inkafika kumapeto kwa unyolo idakali yofewa, ina ikudontha, ina itamatirirana. Pa lamba pathu timabuku tinkabwera tonyowa, tofiira ngati tapakidwa magazi, ndipo zala zathu zinkanata. Tinkataya zambiri kuposa zimene tinkalongedza. Masana atapendeka, kapitawo anapita yekha kukawonjezera kutentha kwa mphepo youmitsira. Mitu inayamba kuuma pamwamba pokha, n'kumang'ambika.

Chakumadzulo zipeso zinapanikizana pamene unyolo umazitulira. Mnzanga Mpwitikizi ndiye anali pafupi, ndipo kapitawo anamukuwira kuti azikankhe. Anatambasula dzanja. Ndinangomva phokoso ngati nsalu ikung'ambika, moto n'kuthamanga ndi unyolo kukwera kudenga, zipeso zikuyaka motsatizana. Madzi ozimitsira moto anayamba kutsika kudenga, ndipo posakhalitsa moto unazima, kutsala utsi wachikasu wotsamwitsa. Mnzanga anali atakhala pansi m'madzi akuda, atagwira mkono wamanja, osalira. Bulauzi yake inali ya nayiloni, ndipo inali itasungunukira pakhungu kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono.

Ndinati tiyimbire ambulansi. Kapitawo anakana, nati iyeyo ali ndi galimoto. Asanatinyamule anatsegula bokosi la kamba wake, kukanda majarini pa buledi ndi chala, n'kumupaka pabalapo, chala chomwe ankachotsera fodya m'kamwa. Ndinamukankha dzanja, iye n'kundiyang'ana ngati ndine wopenga.

M'galimoto analankhula njira yonse. Anati moto woterewu ndi wa masiku onse m'fakitale ya machesi, ndipo boma likamva lidzatseka fakitale, amayi onse ntchito n'kutha. Kenako anatsitsa mawu, kuyang'ana mnzanga pagalasi, n'kunena kuti, “Ukawauze kuti wapsa ndi mafuta kukhitchini kwako. Anthu a boma akabwera safunsa za moto wokha, amafunsanso mapepala.” Apo mpamene ndinadziwa kuti mapepala a mnzangayo okhalira m'dzikoli anali asanalongosoke, ndipo kapitawo ankadziwa kuyambira kale. Anatitsitsa pakona, chipatala chikuonekera patali, iye n'kutembenuza galimoto.

Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire. Anadula bulauzi ndi lumo, kutsuka majarini uja akupukusa mutu, n'kufunsa chimene chachitika. Mnzanga anati mafuta, kukhitchini. Namwino anatiyang'ana tonse awiri, tili chinyowere, zala zili psuu ndi utoto, tikununkha sulfure ndi zoola. Anatembenukira kwa ine. Ndisanatsegule pakamwa, mnzanga anandigwira pamkono ndi dzanja lake labwinolo, zikhadabo mpaka kulowa m'khungu. Namwino anaona zimenezo, anapumira m'mwamba, n'kulemba za mafutazo.

Kunyumba amuna anga anakwiya kwambiri, nati mawa lomwe tikalipote ku ofesi ya zantchito. Ndinawafotokozera za mapepala, ndi kuti mayiyo ali ndi ana ang'onoang'ono. Anayendayenda m'chipinda, kenako anakhala pansi, nati ngati mwini bala wakana, ife tilibe pogwira. Anandipempha kuti ndisapitenso ku fakitale. Ine ndinati ndipita, ndikaone ngati kapitawo uja adzagone tulo n'kudzuka ndi manyazi.

M'mawa mwake pansi ponse panali matope akuda a phulusa, guluu ndi madzi. Anatipatsa mabokosi amene ananyowa kuti tisankhemo timabuku timene tingathe kupulumuka, tiziyanika pa matebulo, hotela ija ikalandire. Anthu olemera a ku Oakville akayatsire ndudu zawo ndi madzi a khoswe. Nthawi ya tiyi kapitawo anabwera ndi bokosi la madonasi, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuliika patebulo, chitini chake pambali pomwepo. Anati tidye, tagwira ntchito yotamandika. Kenako anawonjeza kuti ngozi ya dzulo itiphunzitse: mayi uja anapsa chifukwa chovala nayiloni ndi kuika dzanja posayenera, ndipo kuyambira lero wovala nayiloni azibwezedwa pachipata.

Amayi anzanga anawerama. Wophika guluu anatenga donasi n'kuyamba kudya. Ine ndinathamangira panja n'kusanza pafupi ndi chipata mpaka kutsala ndulu yokha. Nditabwerera ndinavula epuloni, kuipinda, kuiika pa lamba. Kapitawo anafunsa kumene ndikupita.

“Ndasiya ntchito,” ndinatero. “Munamutuma ndinu kuti akankhe zipeso. Ndinamva ndi makutu angawa.”

Anaseka, nati a mtundu wanga sachedwa kutopa. Palibe amene anatukula mutu. Ndinatuluka, ndipo sindinadikire basi pamalo a masiku onse, ndinayenda wapansi mtunda wautali kuti mphepo indiombe.

Mnzanga ndinkakamuona kunyumba kwake, kachipinda ka pansi pa nyumba ya eni, kumene ankakhala ndi mwamuna wake womanga nyumba ndi ana awo. Bala linachedwa kupola chifukwa linachita mafinya, ndipo litapola zala ziwiri zinatsala zopindika. Nditamuuza kuti ndinasiya ntchito sanakondwere. Anati ine ndili ndi mwamuna wa pa yunivesite, ndingathe kunyansidwa mmene ndingafunire. Mawuwo anandiwawa. Masamba a mitengo atayamba kufiira anabwerera ku fakitale komweko, ndipo anamuika kopinda mabokosi poti pa lamba sakanathanso.

Ife tinasamukira ku Oshawa amuna anga atamaliza maphunziro, ndipo kumeneko ndinaphunzira ntchito yosamalira okalamba. Fakitale ija ndinamva kuti inadzatsekedwa, anthu atayamba kugula malaita apulasitiki otaya akatha.

Mnzanga Mpwitikizi uja ndinakumana nayenso kamodzi kokha, pa siteshoni ya sitima ku Toronto, patapita zaka. Anandizindikira ndiye, n'kundiitana ndi moni wachipwitikizi. Anati mapepala analongosoka, tsopano amakolopa m'maofesi a m'nyumba zitalizitali, ndipo mwana wake wamkulu ali ku sekondale. Kunali kotentha koma anavala malaya a manja aatali. Anandifunsa ngati ndinabereka, ndinamuuza kuti ndili ndi atsikana awiri amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Anati akenso ndi chimodzimodzi. Sitima yake inafika, ndipo ndinamunyamulira chikwama mpaka pakhomo.