Ndodo ya Gofu Pamulu wa Mpunga

Amalume ndiwo anandilakwira: anatenga ndodo yanga ya gofu n'kukapunthira mpunga. Ndinali nayo imodzi yokha, yomwe anthu ena anandipatsa nditawanyamulira zikwama za gofu ku Zomba. M'mawa uliwonse ndinkapita pouma pa nyanja, kufupi ndi Kachulu. Ndinkayamba kumenya m'malere kuti manja azolowere liwiro, kenako zitsekerero za mabotolo, mpaka mapewa kuwawa. Ndinali nditangoyamba kumenya pakati penipeni.

Ndodoyo ndinaipeza pamulu wa mpunga itapindika ngati chikwakwa. Anthu ankadikira ndewu monga amandidziwira, koma mphamvu ndinalibe.

"Koma imapuntha bwino, mphwanga," anatero amalume akuseka. "Ku Zombako kulibe ina?"

Ndinati, "Amalume, mpunga mudzalimanso chaka chamawa. Ine ndodo inali yomweyi. Malizani nayo, ndatopa."