Chambo cha pakhonde

Ndikukumbukira tsiku limene akuchimuna ankabwera kudzafunsira mbeta ya achemwali anga, a Esinati, kwathu ku Nkhudzi. Ndinali ndi zaka khumi. Amayi popita kunyanja kukagula ndiwo za alendo, anandisiyira ntchito yozira khonde.

"Uzire bwinobwino, osati zamasewera zako zija."

Kuzira ndinkadana nako. Dothi lonyowa linkanunkhira ngati mvula yoyamba, koma mawondo ankachita kuyaka. Nditafika pakati, ndinaona kuti chikhatho changa chasiya mzere wokhota ngati msana wa nsomba. Ndinawonjezera mimba, kenako mchira. Basi, mutu unazungulira. Ndinasinja makala, n'kusungunula phulusa m'chitini, n'kukatapa dothi lofiira kuseri kwa nyumba. Mamba ndinkadinda ndi chitsekerero cha botolo, limodzilimodzi. Dzuwa lisanafike pamutu, chambo chachikulu kuposa ine chinali chitagona pakhonde, diso lake loyera likuyang'ana kunjira.

Amayi atafika anatula dengu n'kugwira pakamwa.

"Mwana iwe, ukufuna anthu akanene kuti banja lino ndi la amisala? Mkulu wako akwatiwa bwanji?"

Achemwali anayamba kulira kuchipinda. Nthawi yoziranso panalibe, alendo anali atatulukira kale pamlambe. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe.

Amene ankawatsogolera anali amalume a mnyamata wofunsirayo, msodzi wokalamba wa ku Chembe. Anaima osaponda khonde, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Wajambula ndani?"

Amayi anandiitana.

"Tayandikira, mama," anatero mkuluyo. "Chipsepse chapamsanachi wachifupikitsa. Chambo chotere mafunde angachigubuduze."

Anagwada ndi thalauza lake losita, n'kuviika chala m'makala, n'kutalikitsa chipsepsecho mpaka chakumchira. Anthu onse anafa nacho chiseko, amayi akupukuta misozi ndi chitenje. Alendo anapempha kuti mphasa ziyalidwe pansi pa mtengo wa mango, nsombayo ingapondedwe. Nkhani ya ukwati inayenda ngati madzi, ndipo chaka chimenecho ndinazira makonde a theka la mudzi.

Lero makonde ambiri ndi asimenti. Ana anga kuno ku Mangochi amangokolopa, pakapita kanthawi pansi pauma, osadziwika kuti padutsa dzanja la ndani. Ntchito yapepuka, ndipo ndimathokoza. Koma akamakolopa ndimawasuzumira mwakachetechete, kudikira kuti mwina mmodzi aiwale ntchito, ayambe kusewera.