Lucia ndi Namgumi wa Zipsera Zitatu

Inu amene mayeso anakugwetsanipo, imvani za Lucia Chimwaza.

Mu 2013, Lucia analephera kachiwiri mayeso a unamwino ku South Bend, m'dziko la America. Anakhala pasiteji kalata ya zotsatira ili m'manja, mpaka mabasi awiri anamudutsa. Sabata yomweyo anasamukira ku Indianapolis, kwa azakhali ake a Flora ku Beech Grove. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kuopa mafunso.

Anapeza ntchito yosamalira okalamba. Bambo wina mwa okalambawo, yemwe kale ankafufuza za nyama za m'nyanja ku Alaska, anaona kuti Lucia sankaphonya ngakhale kachilonda kakang'ono pakhungu la munthu. Anamuuza za anamgumi otchedwa beluga, omwe ankachepa chaka ndi chaka. Poti akuluakulu onse ndi oyera mbee, ofufuza amawasiyanitsa ndi zipsera. Ofufuzawo ankafuna anthu odzipereka oti azifananiza zithunzi pakompyuta.

Lucia anadzipereka, koma ntchito yake yoyamba inabwezedwa. Anali atawerenga namgumi mmodzi kawiri, poyesa kuti mbali yakumanzere ndi yakumanja ndi nyama ziwiri.

"Azakhali, ndafeilanso," anatero.

"Munthu amene sakumufuna samuuza pokonza," anayankha a Flora. "Kayambirenso."

Lucia anagula kope, nayamba kujambula chipsera chilichonse ndi pensulo akaweruka. Anachita zimenezi zaka zopitirira ziwiri.

Mu 2016 analandira chithunzi chosaoneka bwino cha msana wotumphuka m'madzi amatope. Panali zipsera zitatu zondondozana. Anatsegula kope lake, nazipeza: anali namgumi wamkazi yemwe sanaoneke kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ofufuza ankati anafa. Pambali pake pankasambira mwana wotuwa.

Ofufuzawo anakayika. Lucia anachita mantha kuti walakwitsanso, komabe anatumiza zithunzi zakale ndi zatsopano, atalozera chipsera chilichonse. Patatha milungu itatu anavomereza. Kwa nyama zotsala mazana ochepa, mayi wamoyo woberekabe inali nkhani yaikulu.

Chaka chotsatira anamuitana ku Alaska, nakwera nawo boti. Namgumi uja sanamuone, koma ena asanu anawazindikira ndi maso ake, asanatsegule n'komwe kope.

Mwina nanunso khomo limene munkalidalira lakutsekekerani. Luso lanu silinathere pomwepo. Lifunireni malo ena, lolani kukonzedwa, ndipo musafooke.