Kona Imene Ndinaiwala Kutchula

Ndikamafotokoza nkhaniyi ena amati ndikuthira mchere, koma Mulungu ndi mboni, ndipo amene anali pamaliro a mayi anga ku Katuli angakuuzeni mmene galimoto imene ndinakwera inafikira.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Mangochi. Kuseri kwa sitoloyo kunali galaja ya bambo ena achikulire, amakaniko, amene anali ndi chigalimoto chakale chabuluu, chokhala ndi chibowo pa boneti ndi chiphiko kumbuyo. Akachiliza, makina anga ankachita kunjenjemera. Ndinkawaseka tsiku ndi tsiku kuti chiphikocho akapereke kwa amayi a ku Chembe aziyanikapo usipa. Iwo sankakwiya. Ankangondifotokozera kuti galimoto zamtunduwu zinabadwira m'mipikisano ya m'misewu yafumbi, kuti injini yake imakoka matayala onse anayi, moti limodzi likaterera atatu enawo amagwirabe nthaka. Ankatinso ali mnyamata ankakonza galimoto za opikisanawo, ndipo mkati munkakhala anthu awiri, wina kuyendetsa, wina kutchula kona iliyonse isanafike. Ine ndinkangoti ndi nkhambakamwa za ukalamba.

Tsiku lina mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu osaleka, amalume anandiimbira foni chakumasana kuti mayi atisiya. Mukudziwa mwambo wathu Asilamu, maliro sagonera. Anati aika ikangotha swala ya Asri, pemphero la chakumadzulo, ndifike ndisafike, chonsecho mwana wamwamuna ndine ndekha, woyenera kutsika m'manda kukalandira thupi la mayi. Kudepoti maminibasi onse anakana, a njinga zamoto nawo anati msewu wa ku Katuli wasanduka phala. Ndinabwerera pakhonde panga n'kukhala pansi, kulira ngati mwana.

Bambo aja atamva sanachulutse gaga m'diwa, anangoti ndikwere. Akundimanga lamba anandiuza kuti iwo ku Katuli sanapondeko, choncho maso awo ndikhala ine amene ndinakulira kumeneko: ndizitchula kona iliyonse, kaya ndi yakumanja kaya yakumanzere, yaikulu kapena yaing'ono, ndipo ndisasiye kuyankhula.

Abale anga, titangosiya tara ndinadziwa kuti ndinkaseka chinthu chimene sindinkachidziwa. Pamalo pamene malole anatitimira mpaka anthu kutsitsa matumba, ife tinkangodutsa m'mbali, matope akuuluka mpaka padenga. Ine pakamwa osatseka, kumanja, kumanzere, chitunda, dzenje. Galimoto inkalowa pakona chammbali ngati nkhanu, n'kutulukapo itawongoka. Mantha ndinali nawo, koma kunena zoona mtima unayamba kukoma.

Kenaka tinadutsa pamtengo wina wa mango pamene mayi ankakonda kupumira tikamachokera kuchigayo. Ndinawaona m'maganizo atatula thumba, akundipukuta kumaso ndi chitenje, ndipo mawu anandithera. Kodi munthu woferedwa ungamudzudzule? Komatu kuseri kwa chitunda chotsatira msewu umatsetsereka n'kukhota mwadzidzidzi kumanja kulowa pa kamlatho kamatabwa, ndipo ine sindinatchule.

Titatulukira pamwamba ndinangoona madzi ofiira, mtsinje utadzaza, ukukokolola mitengo, ife tikulunjika momwemo. Ndinakuwa kuti aponde mabuleki, ndinayamba kunena shahada, mawu amene Msilamu amafuna kuti akhale omaliza pakamwa pake, n'kumaganiza kuti lero amalume aika anthu awiri. Koma bambo aja anagwedeza chiwongolero kamodzi, galimoto inatembenuka chammbali, khomo langa likuyang'ana kumadzi, ndiye m'malo mwa mabuleki anaponda moto! Injini inabangula, ndinamva matayala onse anayi akukanda pansi, lakumbuyo kumbali kwanga likugumula dothi la m'mphepete, ndipo mwadzidzidzi matabwa a mlatho anali kulira pansi pathu. Tinawoloka.

Sanaime, sanandikalipirenso. Anangonena mofatsa kuti kulira ndikalire tikafika, pakali pano ndiwerenge msewu. Ndinapukuta misozi n'kuyambanso kutchula, ndipo sindinaphonyenso kona ngakhale imodzi.

Tinafika jeneza, machira onyamulira maliro, likutuluka kumene mumzikiti. Anthu anatembenuka kuyang'ana chinthu chofiira ndi matope chimene chinkabangula pamsewu, ndipo amalume atandiona ndikutsika anagwira pakamwa, chifukwa anali atapempha kale msuweni wanga kuti atsike m'malo mwanga. Ndinanyamula nawo jeneza, ndinatsika m'manda, ndipo ndi manja angawa ndinalandira mayi anga n'kuwagoneka moyang'ana ku Kibla, mbali imene Asilamu timayang'ana popemphera. Pa tsiku lowawa ngati limenelo, ndinamva ngati ndapambana mpikisano.

Lero ndimakhulupirira kuti amene anapanga galimoto zimenezi, ndi amene anaziyesa m'matope a mipikisano, ankagwirira ntchito ine osadziwa. Bambo aja anakalamba, maso anafooka, koma Lachisanu lililonse ndimakatsuka chigalimoto chawo, ndi chiphiko chomwe. Ndiye inu amene mumaseka zakale za anzanu, samalani pakamwa. Ndipo wina akakupatsani ntchito yomuonera njira, musatseke pakamwapo ngakhale mtima ukuwawa, chifukwa ine kukhala chete kwa kamphindi kunatsala pang'ono kundiika m'manda tsiku limodzi ndi mayi anga.