Mpando Wopanda Munthu wa ku Ndirande

Tinanyamuka ku Bangwe 7 koloko m'mawa, ine ndi Mayi Ingrid, mlendo wa ku Ulaya amene anabwera kudzaona ngati kabungwe kathu nkoyenera kupitiriza kulandira thandizo. Akanakana iwo, ntchito yanga ikanathera pomwepo. Galimoto ya ku ofesi inali itagona pamzere wa mafuta, choncho msonkhano wa ufulu wachibadwidwe ku Ndirande tinaupitira pa minibasi.

Mpaka ku Limbe zinayenda bwino. Ndinawagulira chinangwa chokazinga, anachiyamikira ngati nyama. Nkhani inavuta titakwera ya ku Ndirande, kondakitala atalamula kuti tikhale anayianayi. Mayiwo anakana, amvekere kupanikiza anthu ngati matumba nkuwachotsera ulemu. Analipira K1,500 ya mpando wina kuti ukhale wopanda munthu. Ufulu umenewu unamugwira mtima kondakitala nthawi yomweyo.

Cha m'ma 8 tinafika pa Maselema. Panaima mayi wobereka mwana, dzuwa litamuwamba kale. Kondakitala anamuuza kuti malo alipo koma ndi ogulidwa. Bambo wina wachikulire wovala kofia, wogulitsa nsalu, anandikodola.

"Achimwene, tawauzani alendowa. Ufulu wawo wakhala pampando, wathu waima pamsewu."

Ndinafuna kumasulira kuti bamboyo akuwalandira ku Malawi, koma basi yonse inali itanditchera khutu, ndipo ku Blantyre aliyense amamva Chingerezi zikafika pokugwira bodza. Ndinamasulira momwe zinalili.

Mayi Ingrid anafiira. Anati kudzaza basi kumapha anthu. Bamboyo anayankha kuti nzoona, koma kwawoko basi yotsatira imabwera pa nthawi yake, kuno imabwera Mulungu akalola. Anakangana kudzera mwa ine mpaka dalaivala anaimba hutala. Mlendo anasendera.

Mayi uja analowa, namasula mwana, nkumuika pamiyendo pa Mayi Ingrid osapempha, monga timachitira. Tisanafike pa Makata, mwanayo anali atawanyowetsa siketi yonse. Bambo wa kofia anawapatsa chitenje, nakana ndalama.

Ku Ndirande analankhula za ulemu wa munthu atavala chitenjecho, ine ndikuganiza kolowera ntchito ikatha. Ndinaphunzira kuti womasulira ndiye amalandira zibakera za mbali zonse.

Kalata inabwera patapita mwezi. Thandizo lipitirira, koma pali lamulo limodzi: ndikaphunzitse makondakitala onse a ku Limbe za ufulu wa okwera.